Usasinthe Adiresi, Olfa

Sfax,
14 Novembala 2023

Wokondedwa Olfa, mng'ono wanga wouma mutu,

Mtendere ukhale nawe, pamodzi ndi alamu anga a Anis ndi kamtsikana kako Yosr. Kuno Mulungu akutisunga. Ndikudziwa kuti ukudabwa kulandira kalata ya pamanja kuchokera kwa munthu amene amadyera makompyuta. Usadabwe. Foni yanga sukuyankha, mauthenga anga ukungowawerenga n'kukhala chete, ndiye ndaona kuti pepala lokha ndi limene sungalitsekere kunja, makamaka likabwera m'manja mwa azakhali a Chedlia. Ndawauza kuti asakupatse botolo la tsabola limene akubweretsera ku Lyon mpaka utawerenga kalata yonseyi iwo akuona. Ukuwadziwa, sadzuka pampando ntchito isanathe.

Za kuno ndi zomwe umazidziwa za mwezi uno. Tayamba kuthyola maolivi. Mvula inachedwa ndipo zipatso ndi zazing'ono, koma mafuta ake akutuluka obiriwira, oluma pakhosi, amene ogula athu a ku Italy amawafera. Makina ofinyira akulira tsiku lonse. Bondo la amayi likuvutabe, koma mankhwala a dokotala akuwakana, akuti mafuta a m'munda mwa amuna awo ndi okwanira.

Tsopano ndifike pa chimene chakutseka pakamwa. Mwezi watha unalandira uthenga wokhala ndi dzina langa m'munsi, wokuuza kuti usankhe pakati pa kulowa pansi pa akaunti ya kampani ndi kusintha adiresi yako ya imelo. Unandiyankha liwu limodzi lokha, lakuti "Ndamva." Kuyambira pamenepo zii. Olfa, unamva chiyani? Unaganiza kuti ine, amene ndinakunyamulira chikwama kupita nacho ku bwalo la ndege abale onse atakana, ndakhala pansi n'kukulembera kalata yokuthamangitsa? Zinandipweteka, ndipo ndikadali wokwiya. Uthenga uja sindinaulembe ine. Unatumizidwa ndi pulogalamu, ndipo unapita kwa aliyense. Tamvera mmene zinayendera.

Ukumukumbuka Noureddine, wotsatsa malonda uja wa ndevu zodaya. Anasiya ntchito kwathu chaka chatha n'kuyamba kugulitsa mafuta a anthu ena. Koma akaunti yake ya pulogalamu ya misonkhano ya pa kanema anaitsegula ndi adiresi ya kampani yathu, ndipo anapita nayo. Ankaitana ogula athu ku misonkhano, iwo poona dzina la kampani kumapeto kwa adiresi yake ankayesa kuti akulankhula ndi ife. Tinazitulukira pamene wogula wina anadandaula kuti mafuta amene tamutumizira ndi ozizira, chikhalirecho sitinamutumizire kanthu. Mankhwala ake analipo amodzi: kutsimikizira eni pulogalamu kuti dzina la kumapeto kwa maadiresi athu ndi lathu, kuti akaunti iliyonse yokhala ndi dzinalo ibwere pansi pa ulamuliro wa kampani. Achimwene a Lotfi anavomera, ine ndinagwira ntchitoyo, ndipo ndinaigwira bwino. Noureddine anasintha adiresi yake tsiku lomwelo, mwamanyazi.

Chimene sindinachiganizire ndi khalidwe la malemu bambo athu, Mulungu awachitire chifundo. Makampani ena amapereka adiresi kwa antchito. Bambo ankaipereka kwa magazi awo. Mwana akabadwa, pa tsiku lomupatsa dzina, nkhosa isanaphedwe n'komwe, iwo anali ataimba kale foni kuti mwanayo amutsegulire imelo. Mkamwini, mpongozi, msuweni wa ku Gabès amene sanapondepo pa makina ofinyira, onse ali ndi dzina la kampani kumapeto. Ankati munthu wa m'nyumba mwawo asamayende ndi adiresi yobwereka. Ndiye nditadina batani lija, ukonde unakokolola fuko lonse.

Ukanakhalapo ukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Azakhali a Chedlia anandiimbira foni: "Iwe Wided, ukundiitana ku ntchito pa ukalamba uno? Ndizikanyamula zigubu ine?" Amalume a Taoufik anafika okha ku ofesi atavala jekete la maukwati, ati amva kuti alowetsedwa m'kampani, ofesi yawo ili kuti. Onsewa ndinawalongosolera, anadina povomera, nkhani n'kutha. Iwe wekha, wophunzira kuposa tonsefe, ndiwe unauwerenga uthengawo ndi mtima m'malo mwa maso. Kulakwa kwanga ndi kwakuti sindinakuchenjeze uthengawo usanafike. Pepani, ndanena kamodzi, sindibwerezanso.

Patapita masiku, achimwene analowa mu ofesi mwanga ndi kapu ya khofi n'kuima kumbuyo kwanga, monga amachitira akafuna kuoneka ngati akumvetsa. Pa kompyuta panali mayina a amene sanavomerebe. Lako linali pamwamba.

"Uyu akufuna chiyani pano?" anafunsa, akuloza ndi kapuyo.

"Uyu ndani? Ali ndi dzina, ndi ilo lalembedwa."

"Usandiyankhe choncho iwe. Ndimayesa zimenezi zinatha kalekale."

"Zinatha pakamwa panu, achimwene. Pa kompyuta sizinathe."

"Ndiye zithe. Fufuta akauntiyo, utsekenso imelo yake. Lisafike Lolemba."

"Sindifufuta."

Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. "Wati chiyani?"

"Ndati sindifufuta. Adiresi imeneyi anapereka ndi bambo. Inu simunaipereke, ine sindinaipereke."

"Bambo kulibe! Amene akuyendetsa zinthu pano ndine. Munthu anatichititsa manyazi mzinda wonse, ine ndinapereka mawu anga kwa banja la a Haj Abdelwaheb kuti akwatiwa kumeneko, iye n'kuthawa ndi mwana wa kapitawo wathu. Lero aziyenda ndi dzina lathu ku France?"

"Sanathawe, anakwatiwa. Ine ndinalipo, ndinadya keke."

"Pakamwa pakopo ndi pamene pakukhalitsa mbeta," anatero, n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa.

Usaganize kuti mawu amenewo sanandilase. Anandilasa. Koma ndinatola kalendala, ndinaipachika, ndipo dzina lako ndinalisiya pamene linali.

Ndikudziwa zimene ukunena panopa, ndikukuona ukutukula mapewa. Ukuti njira zoimbirana zilipo zambiri, adiresi ndi kanthu kakang'ono, awatengere. Mvetsera. Chifukwa cha Noureddine, misonkhano yathu tinaitseka kuti azilowa okhawo a adiresi ya kampani, ndipo tabuleti ya amayi ili momwemo. Amayi amadziwa batani limodzi pa dziko lonse lapansi, lija lili pansi pa chithunzi chako. Ndingathe kuwaphunzitsa lina, inde. Koma ndiwauze kuti chiyani? Kuti ana awo onse ndi adzukulu akulowera pakhomo la kutsogolo, Olfa yekha azizembera kuseri ngati wakuba? Zimenezo ayi. Achimwene anakuletsa kuponda pakhomo la njerwa, ndipo pamenepo ndinalibe mphamvu. Khomo ili lokha makiyi ake anali m'manja mwanga.

Lachisanu lake, amuna atabwera ku mzikiti, tinakhala pa tebulo monga mwa nthawi zonse. Amayi anaphika kusukusu wa nsomba, chakudya chathu chija cha tirigu. Panali iwo, achimwene, akazi awo a Sihem ndi ine, ana atawapatsa chawo kukhitchini. Ndinadikira kuti aliyense agawiridwe, kenako ndinatulutsa kompyuta m'chikwama n'kuiika pakati pa mbale, moyang'ana achimwene.

"Dzina ndi ili, batani ndi ili. Dinani nokha."

"Wapenga iwe? Tikudya!"

"Munati lisafike Lolemba. Chala changa chakana, koma chanu chilipo. Pukutani mafutawo kaye, mungandidetsere."

A Sihem anangoti maso pa mbale. Amayi anaika supuni pansi. "Batani lanji limeneli?"

Ndinawauza zonse, osachotsera, osawonjezera. Achimwene anafewetsa mawu, mawu aja amalankhulira ndi ogula. "Amayi, musavutike nazo, izi ndi za ku ntchito. M'kampani mumakhala antchito. Amene sagwira ntchito achoke, basi, ndi mmene zikuyendera kulikonse masiku ano."

"Eti?" anatero amayi. "Nanga ine ndimagwira ntchito yanji kumeneko?"

"Inu ndi nkhani ina, amayi."

"Ayi, mwanawe, lamulo ndi lamulo. Yamba ndi ine. Ukatero uchotse bambo ako, poti nawonso anasiya kubwera ku ofesi. Kenako mkazi wako ndi ana ako. Ukamaliza onsewo, ndiye ufike pa mwana wanga wotsiriza. Wided, musonyeze pamene pali dzina langa."

Olfa, sindinawamvepo amayi akulankhula choncho kwa mwana wawo wamwamuna. Ukudziwa mmene amamusamalira, mnofu wabwino wa nsomba umapita m'mbale mwake chibadwire. Sanakweze mawu. Ananyamulanso supuni n'kumadikira. Achimwene anayang'ana kompyuta nthawi yaitali. Dzanja analitambasula ndithu, ndinaona, koma linakathera pa kapu ya madzi. Ndikuuze zoona, pa nthawi imeneyo ndinawamvera chisoni pang'ono. Si munthu woipa mtima monga ukuganizira. Ndi munthu amene ananena mawu akuluakulu pagulu ndipo sakudziwa potulukira.

Koma chisoni changa sichinakhalitse. Potuluka anandikokera pambali n'kunena motsitsa kuti amayi asamve: "Lolemba undipatse makiyi onse a zinthu zimenezi. Ndipeza munthu wodziwa kumvera."

Ndinamvetsa. Zimene analephera kuchita ndi chala chawo pamaso pa amayi ankafuna azichite ndi chala cholemba ganyu, ku ofesi, chitseko chotseka. Ndipo makiyi sindikanawakana, kampani si yanga. Komanso si ya achimwene okha. Amayi ali ndi gawo lawo limene bambo anawasiyira, ngakhale kuti palibe amene amawafunsa kanthu kupatula kuti chakudya chapsa liti.

Loweruka m'mawa ndinawapeza akusankha nthangala za amondi pakhonde. Ndinakhala pafupi n'kuwafunsa ngati angafune kusunga makiyi.

"Makiyi anji? Ndi olemera?"

"Saoneka n'komwe. Dzina lanu likhala la mwini wa akaunti yonse ndi maimelo onse. Wina akafuna kulowa kuti achotse munthu, kanambala kazibwera pa foni yanu. Popanda kanambalako palibe chimene angachite."

"Ine sinditha kuwerenga zilembo zachizunguzo."

"Simukuyenera kuwerenga. Muzingoti inde kapena ayi."

Anapitiriza kusankha amondi. Kenako anati, "Mchimwene wako akupweteka nazo zimenezi, ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Bweretsa."

Zinatheka tiyi asanazizire. Amayi athu, amene foni amaisunga pachifuwa mkati mwa diresi pamodzi ndi kiyi wa kabati ya shuga, tsopano ndi amene ali pamwamba pa akaunti ya misonkhano ya kampani yogulitsa mafuta mpaka ku Italy.

Lolemba achimwene anabwera ndi munthu wawo, bambo waulemu ndithu wochokera ku kampani ina ya makompyuta, amene sankadziwa kuti walowa m'nkhani ya pabanja. Ndinapereka zonse zimene zinali zanga, ndinalongosola ntchito bwinobwino, sindinabise kanthu. Atafika pofuna kulowa ngati mwini, kompyuta inapempha kanambala.

"Kapita pa foni ya ndani?" anafunsa achimwene.

"Ya mwini wake."

"Ndiye ndani?"

"Amene anakuberekani."

Nkhope yawo sindingathe kuilongosola pa pepala. Anaimba foni pomwepo, mawu akumveka mu ofesi monse chifukwa ukudziwa amayi amalankhula pa foni ngati akuitana munthu kutsidya kwa munda.

"Amayi, pa foni yanu pabwera kanambala. Tandiwerengereni."

"Aa, mwanawe, maso angawa! Ndikungoona tinyerere. Bwera kuno udzawerenge wekha, ukhale pansi, undiuze kuti ndi ka ntchito yanji. Ukudutsa pamsika undigulire mandimu."

Mpaka lero sanapite kukakatenga kanambalako. Mandimu anatumiza ndi dalaivala.

Mwina azakhali akuuza kale, poti sasunga kanthu, ndiye ndinene ndekha. Ku ofesi sindikupitakonso. Achimwene anandiuza tsiku lomwelo kuti nditenge zanga, ndipo ndinatenga: kapu yanga, kamtengo kanga ka pawindo, ndi nsapato zakale zimene zinali pansi pa desiki. Antchito anaima pakhomo la makina ofinyira kundiyang'ana ndikutuluka. Usandimvere chisoni, sindikuchifuna. Ndinalowa pamenepo ndili mtsikana, waya aliyense wa m'nyumba imeneyo ndinamuyala ndekha, ndipo sindinganame, m'mawa uliwonse nthawi yonyamuka ikakwana mtima umandiwawa. Koma nditati ndibwerere pa Lachisanu lija, kompyuta ija ndingaiikenso pakati pa mbale. Ntchito ndipeza ina. Mu Sfax muno anthu oiwala mawu achinsinsi a makompyuta awo sadzatha.

Tsopano ndafika pa chimene ndakulembera. Dzina lako likadali pa odikira. Uthenga uja ukadali mu imelo yako, ndipo uli ndi mabatani awiri. Amayi angathe kukaniza munthu aliyense kukuchotsa, koma sangathe kukaniza iwe kudzichotsa wekha. Ukasintha adiresi, ndiye kuti ntchito imene inawakanika achimwene pa tebulo, imene inamukanikanso munthu wawo waganyu, waigwira ndiwe, mwaulere, uli khale ku Lyon. Iwo adzangoti, "Mwaona? Wachoka yekha, ngati poyamba paja." Kunyada kwako ndikukudziwa, tinayamwa bere limodzi. Ukufuna kuwasonyeza kuti dzina lawo ulibe nalo ntchito. Koma si lawo okha, Olfa. Dina povomera. Dzina lako likhale pamenepo, m'munsi mwa lawo, aziliona tsiku lililonse akamatsegula msonkhano ndi azungu awo.

Ndikupemphanso kanthu kamodzi. Uwauze a Anis kuti asadzione ngati ndi iwo abweretsa zonsezi. Bambo awo akadali pa ntchito, achimwene sanawakhudze, ndipo sangayerekeze m'nyengo ino yothyola.

Moni akuchokera kwa amalume a Taoufik, amene akufunsabe za ofesi yawo. A Sihem anandigwira dzanja kukhitchini n'kundinong'oneza kuti ndikupatse moni wawo, koma ndisalembe dzina lawo, ndiye usaliwerenge. Achimwene sanapereke moni, ndipo sindikunamiza kuti apereka. Umupsompsone Yosr masaya onse awiri, umuuze kuti mayi ake aakulu tsopano ali ndi nthawi yambiri yomulukira juzi, ngakhale kuti kuluka sadziwa.

Amayi sanapereke moni chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, ndiponso sakudziwa kuti unakwiya. Lachisanu lililonse tikatha kudya amasintha mpango, amavala ndolo zawo zagolide, amakhala pampando wa pawindo pamene kuwala kumawaonetsa bwino, n'kudina batani lawo. Limalira mpaka kusiya lokha. Ine ndakhala ndikuwauza kuti netiweki ya ku France yavuta. Lachisanu lapitali anandifunsa kuti, "Dziko lonse la azungulo lalephera kukonza waya mmodzi?" Sindinawayang'ane kumaso.

Ndinakana kumvera achimwene, ndipo iwenso ndikukana kukuikira kumbuyo ponamiza amayi. Lachisanu likubwerali ndikhala pambali pawo akamadina. Ukayankha, usayambe ndi kulira, uwayamikire ndolo. Ukapanda kuyankha, za netiweki sindinenanso. Ndiwauza kuti waya ali bwino, khomo ndi lotsegula, koma mwana wawo sakufuna kulowa. Chonde, mng'ono wanga, usandilankhulitse mawu amenewo.

Ndine mkulu wako amene sanafufute dzina lako,

Wided